Obadwa 9, amoyo 5

Ndinali ndi zaka 11 pamene mnyamata wa kalembera anafika pakhomo pathu atakoleka chikwama paphewa. Mayi anali atachokapo, ndiye mafunso onse anagwera agogo, amayi awo a mayi anga. Ine ndinakhala pambali, kudikira kuti mwina mlendoyo andifunsa dzina nanenso. Anafunsa za denga la nyumba, za kumene timatunga madzi, za anthu amene anagona m'nyumbamo usiku wapitawo. Kenaka anafika pa mafunso awiri amene mpaka lero akadali m'makutu mwanga.

"Agogo, munabereka ana angati?"

"Asanu ndi anayi."

"Nanga amoyo alipo angati?"

Agogo sanayankhe msanga. Anayamba kupinda zala uku akutchula maina chapansipansi, ena mwa mainawo ndisanawamvepo chibadwire. "Asanu, mwanangu. Koma enawo uwalembenso, anali anthu."

Mnyamatayo anati malo ake alipo papepalapo. Analemba 9 m'kabokosi kena, 5 m'kabokosi kenako, n'kupitiriza kufunsa ngati tili ndi wailesi.

Timabokosi tiwiri tija ndinadzatimvetsa nditakula. Mayi anga, mmodzi mwa asanu otsala aja, anabereka asanu ndipo tonse tilipo. Ine ndili ndi awiri, ndipo tinagwirizana ndi bambo a kunyumba kuti basi. Kuchoka pa 9 kufika pa 2 m'mibadwo itatu yokha, popanda wapolisi, popanda chindapusa. Komabe ndinganame nditati boma linalibemo dzanja. Linalimo ndithu, kungoti dzanjalo linkabwera ngati katemera, ngati desiki ya kusukulu, ngati kabotolo ka mankhwala m'kabati ya namwino.

Chimene chimalowetsa boma m'nkhani ya m'chipinda cha anthu awiri ndi masamu a ku pulayimale. Anthu akamawonjezeka ndi atatu pa 100 alionse chaka ndi chaka, chiwerengero chawo chimawirikiza kawiri pa zaka pafupifupi 23. M'zaka zimenezo dziko liyenera kuwirikiza makalasi, aphunzitsi, mabedi a m'chipatala, mipope ya madzi ndi ntchito, kuti lingokhala pomwe linali kale. Mwana amene akubadwa usiku uno adzafuna mphunzitsi pakatha zaka zisanu ndi chimodzi, chikhalirecho damu la magetsi limatha zaka khumi lisanayatse babu ndi limodzi lomwe. Nduna ya zachuma imathamanga ndithu, koma chikuta chimaisiya m'mbuyo.

Chopweteka bajeti kwenikweni ndi misinkhu ya anthuwo. Ku Niger pafupifupi theka la anthu onse ndi ana osakwana zaka 15. Ku Japan anthu 29 pa 100 alionse ali ndi zaka 65 kapena kuposa. Maiko awiriwa ndi osiyana ngati usana ndi usiku, koma katundu wawo ndi wofanana: ogwira ntchito ochepa asenza anthu ambiri amene sangadzidyetse okha. Pakati pa ziwirizi pamakhala nyengo yokoma, pamene ana obadwa ayamba kuchepa koma okalamba sanachuluke, anthu ambiri m'dziko ali pamsinkhu wogwira ntchito. South Korea inalemera pa nyengo yotere. Nyengoyi siibwera kawiri, ndipo ikapeza achinyamata alibe sukulu kapena ntchito imangodutsa ngati mvula yogwa pathanthwe.

Dziko lonse lapansi linakwanitsa anthu 1 biliyoni chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Linafika 2 biliyoni mu 1927, 4 biliyoni mu 1974, ndipo bungwe la United Nations linati pa 15 Novembala 2022 tinakwana 8 biliyoni. Manambala otere amaopsa, ndipo mantha ake ndi akale. Mu 1798 mbusa wina wa ku England, Thomas Malthus, analemba kuti anthu amachuluka msanga kuposa chakudya, choncho njala ndi miliri zidzakhala zikuwadulira. Feteleza, mbewu zamakono ndi ulimi wothirira zinamutsutsa, koma mantha aja anadzukanso mwamphamvu m'zaka za m'ma 1960, pamene chiwerengero cha anthu padziko chinkakwera ndi awiri pa 100 alionse pachaka. Munthu wamantha akagwira mpeni amacheka ndi posayenera, ndipo maboma ena anachitadi zimenezo.

India ndi dziko loyamba kukhazikitsa ndondomeko ya boma ya kulera, mu 1952. Kwa zaka zambiri ntchitoyi inkayenda mwaulesi. Ndiye kunabwera zaka za 1975 mpaka 1977, pamene nduna yaikulu Indira Gandhi anaimika ufulu wa anthu n'kumalamulira ndi mphamvu zapadera, mwana wake Sanjay n'kutenga nkhani ya kulera ngati yakeyake. Aphunzitsi ndi antchito ena a boma ankauzidwa chiwerengero cha anthu oti abweretse kukatsekedwa, akalephera malipiro awo ankaimitsidwa. M'madera ena apolisi ankazinga mudzi wonse n'kukweza amuna m'magalimoto. Mu 1976 mokha anthu oposa 6 miliyoni anachitidwa opaleshoni yotseka kubereka, ambiri mwa iwo amuna osauka. Pa chisankho cha 1977 chipani cha Indira Gandhi cha Congress chinagwa, ndipo boma latsopano linachita kusintha dzina la unduna, kuchotsamo mawu a kulera n'kuikamo a umoyo wa banja, poti dzina lakale linali litanunkha. Mpaka lero amuna a ku India amathawa opaleshoni imeneyi, ndipo mtolo wonse unagwera akazi. Ku Peru zinachitikanso pakati pa 1996 ndi 2000 mu ulamuliro wa Alberto Fujimori: amayi oposa 270,000 anatsekedwa, ambiri mwa iwo osauka a kumapiri, ena osauzidwa n'komwe chimene akuchitidwa.

Koma dziko limene aliyense amatchula ndi China, ndipo ndamvapo anthu ophunzira ndithu akuti, "Pamafunika lamulo ngati la ku China lija." Ndikamva zimenezi ndimafuna kuwafunsa ngati anaonapo manambala a zaka khumi lamulolo lisanabwere. Mu 1970 mayi wa ku China ankabereka ana pafupifupi 5.8 pa avereji. Boma linayamba kulimbikitsa zinthu zitatu, kukwatira mochedwa, kutalikitsa mpata pakati pa ana ndi kubereka ochepa, uku likufikitsa zipatala ndi njira zolerera kumidzi. Kampeniyo inalinso ndi kukakamiza kwake, sitingaiyeretse. Koma pofika 1979 chiwerengero chija chinali chitatsika kufika pa 2.7. Lamulo la mwana mmodzi, limene linakhwima mu 1980, linapeza ntchito yaikulu itachitika kale. Thailand ndi South Korea, amene analibe lamulo lotere, anatsikanso mofulumira m'zaka zomwezo.

Nanga lamulolo linabweretsa chiyani? Zindapusa zoposa malipiro a chaka chathunthu. Amayi ochotsedwa mimba mokakamiza. Ana obadwa kunja kwa lamulo amene sankalembedwa m'kaundula, motero sukulu ndi chipatala zinali zowavuta kupeza. Poti mabanja ambiri ankafuna mwana wamwamuna, makina ounikira mimba atafala ana aakazi ambiri sanaloledwe kubadwa, ndipo kalembera wa 2020 anapeza kuti amuna akuposa akazi ndi pafupifupi 35 miliyoni. Kunabadwanso mbadwo wa mwana mmodzi wosamala makolo awiri ndi agogo anayi. Ndipo pali gulu limene limandimvetsa chisoni koposa, la makolo amene anamvera lamulo, kamwana kamodziko n'kudzamwalira pangozi kapena ndi matenda iwo atapitirira kale msinkhu wobereka. Agogo anga anaika m'manda ana anayi, koma anatsala ndi asanu owagwira dzanja. Awa anatsala ndi chithunzi pakhoma.

Mu 2016 China inalola ana awiri, mu 2021 atatu. Anthu sanathamangire. Mu 2022 chiwerengero cha anthu chinatsika, koyamba chichitikire njala yaikulu ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mu 2023 India inaipitirira. Madzi akatayika saoleka.

Tibwerere kwa agogo. Anthu ena akaona mayi wa ana 9 amafulumira kunena kuti ndi umbuli. Ine ndimaona masamu olondola a munthu amene ankadziwa dziko limene ankakhalamo. Ngati chikuku, malungo ndi kutsegula m'mimba zimatenga mwana mmodzi pa awiri kapena atatu alionse, ndipo ukakalamba palibe wina wokudyetsa kupatula ana ako, kubereka awiri n'kusiya kungakhale kutchova juga ndi moyo wako womwe. Agogo ankabereka akuwerengera ndi amene imfa idzatenge.

Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha kuchuluka kwa anthu m'zaka 100 zapitazi. Amayi sanayambe kubereka kwambiri kuposa makolo awo. Ana ndi amene anasiya kufa. Katemera, madzi aukhondo, mankhwala opha tizilombo ndi madzi a mchere ndi shuga opatsa mwana wotsegula m'mimba zinatsitsa imfa mofulumira, pomwe mitima ya makolo imatenga mbadwo wathunthu kuti ikhulupirire kuti anawa akhaladi. Pa mpata umenewo, imfa zitatsika koma kubereka kusanatsike, ndi pamene anthu amachuluka ngati nyerere. Mu 1990, pa ana 1,000 alionse obadwa padziko, 93 ankamwalira asanafike zaka zisanu. Pofika 2022 anali 37. Ndipo mayi amene m'zaka za m'ma 1960 ankabereka ana asanu pa avereji, lero akubereka pafupifupi 2.3. Zikumveka zopotoka, koma boma lofuna kuti anthu asachuluke mothamanga liyenera kuyamba ndi kupulumutsa ana ambiri.

Pa msonkhano waukulu wa za chiwerengero cha anthu ku Bucharest mu 1974, nduna ya zaumoyo ya India, Karan Singh, inati chitukuko ndiye njira yolerera yoposa zonse. Mawuwa anatchuka, ngakhale kuti patangotha zaka ziwiri boma lake lomwelo linali likukweza amuna m'magalimoto. Ine ndimati mawuwa ndi oona theka. Kukanakhala kuti dziko liyenera kuyamba lalemera, Bangladesh sikanachita zimene inachita.

Bangladesh ili ndi anthu pafupifupi 170 miliyoni pa malo ang'onoang'ono, ambiri ake a madzi osefukira. Itangolandira ufulu mu 1971 inali pakati pa maiko osaukitsitsa, ndipo mayi ankabereka ana pafupifupi asanu ndi awiri. Mu 1977, kudera lotchedwa Matlab, akatswiri a zaumoyo anayesa chinthu chosavuta. Anagawa midzi pawiri. Midzi ina inapitiriza kulandira chithandizo cha masiku onse cha kuchipatala. M'midzi inayo anasankha amayi a komweko, okwatiwa, odziwa kulemba ndi kuwerenga, olera iwo eni, kuti aziyendera khomo lililonse milungu iwiri iliyonse atanyamula mapilitsi, jakisoni ndi makondomu, pambuyo pake n'kuwonjezerapo katemera ndi chisamaliro cha amayi oyembekezera. Taganizani mayi amene mwambo sumulola kuyenda yekha kupita kutali, amene jakisoni wamusokoneza kusamba ndipo akuopa kuti mwina wamuwononga m'mimba. Chikwangwani cha pamsewu sichingamuyankhe. Amene angamuyankhe ndi mnzake wokhala naye pamphasa, amene adzabwerenso pakatha milungu iwiri kudzafunsa kuti zikuyenda bwanji. Kubereka kunatsika m'midzi yoyenderedwayo, ndipo ofufuza atabwerera patapita zaka pafupifupi 20 anapeza kuti ana ambiri akukhala moyo, amayi ali ndi matupi abwino, mabanja ali ndi katundu wochulukirapo. Dziko lonse linatumiza amayi masauzande ambiri kuyenda khomo ndi khomo, linalimbikitsa atsikana kupita kusekondale, mafakitale osoka zovala n'kulemba ntchito akazi mamiliyoni. Lero mayi wa ku Bangladesh amabereka ana pafupifupi awiri.

Iran ndiye imadabwitsa amene amaganiza kuti chipembedzo ndi kulera siziyendera limodzi. Pa nthawi ya nkhondo ndi Iraq, kuyambira 1980 mpaka 1988, atsogoleri ankalimbikitsa mabanja akuluakulu, ndipo mayi ankabereka ana oposa asanu ndi mmodzi. Kalembera wa 1986 anawatsegula maso. Mu 1989 anatembenuka: njira zolerera zaulere, tizipatala ting'onoting'ono m'midzi, atsogoleri achipembedzo kuvomereza poyera, ndiponso maphunziro a kulera kwa mwamuna ndi mkazi yemwe asanalembetse ukwati. Atsikana anadzaza masukulu. Pofika 2000 chiwerengero chinali pafupifupi ana awiri, kutsika kofulumira kumene dziko lapansi silinakuoneponso kawirikawiri.

Za sukulu sindichulutsa mawu, poti zimaoneka ndi maso. Mtsikana amene ali m'kalasi ali ndi zaka 17 sali kuchikuta. Akamaliza amakwatiwa mochedwerapo, amawerenga yekha malangizo a pabotolo la mankhwala, ndipo ali ndi pakamwa poyankhira mwamuna ndi apongozi. Chigawo cha Kerala ku India, chimene chinaphunzitsa akazi msanga, chinafika pa ana awiri zaka zambiri zigawo zolemera kuposa icho zisanafikepo.

Koma ndondomeko yokongola papepala ndi ina, zimene zimachitika pabenchi ya kuchipatala ndi zina. Mwana wanga wachiwiri ali ndi chaka ndi miyezi ingapo, ndinkabayitsa jakisoni wa miyezi itatu. Tsiku langa litakwana ndinalawirira, kabuku m'manja, mwana kumsana. Pabenchi tinalipo amayi oposa 30. Cha m'ma 10 koloko namwino anatuluka ataweramitsa nkhope.

"Amayi, pepani, jakisoni watha. Mapilitsi atsala ochepa, koma makondomu alipo ambiri."

Mayi wina amene anakhala pafupi nane anawomba m'manja kamodzi. "Makondomuwo, anamwino, mukawauze ndinu abambo akunyumbawo?"

Benchi yonse inafa ndi phwete, namwinonso anaseka. Koma tikutuluka mayi uja anandinong'oneza kuti amuna ake sadziwa kuti amalera. Anali ndi ana asanu, womaliza anabadwa pa opaleshoni, ndipo anasankha jakisoni dala chifukwa sasiya chizindikiro m'nyumba. Mapilitsi akanawabisa pati? Namwino anati galimoto ya mankhwala ifika mlungu wamawa. Inafika patatha milungu isanu ndi iwiri. Ine ndinali ndi kangachepe, ndinakabayitsa kuchipatala cholipira. Mayi uja ndinadzakumana naye chaka chotsatira kusikelo ali ndi khanda pamiyendo. Sindinafunse kanthu, iyenso sananene kanthu, tinangopatsana moni.

Chichokereni tsikulo, ndikamva mtsogoleri akudzudzula anthu pamsonkhano kuti akubereka mosaganiza, ndimafuna kumufunsa za galimoto ija: mafuta ake analipo, woitanitsa mankhwala anawerengera bwino, ndalama zake zinali m'bajeti ya dziko kapena tinkadikira wachifundo wakunja? Amayi mamiliyoni ambiri padziko akufuna kale kupumira kapena kusiya kubereka, chowasowa ndi njira. Rwanda itaphunzitsa alangizi a zaumoyo a m'midzi n'kukonza kayendedwe ka mankhwala, amayi apabanja ogwiritsa ntchito njira zamakono zolerera anachoka pa 10 pa 100 alionse mu 2005 kufika pa 45 mu 2010. Ethiopia, kuyambira 2003, inalemba ntchito atsikana oposa 30,000 kuti akhale alangizi a zaumoyo m'midzi mwawo. Msonkhano wa za chiwerengero cha anthu wa ku Cairo wa 1994, kumene maiko 179 anagwirizana kusiya zopatsa antchito chiwerengero choti akwaniritse n'kuika patsogolo ufulu wa munthu wosankha yekha, unali kunena zimenezi m'chilankhulo cha m'maofesi.

Pali chinanso chimene chimatayitsa mtima andale, poti iwo amaganiza za zaka zisanu zokha. Ngakhale banja lililonse litayamba lero kubereka ana awiri, dziko lodzaza ndi achinyamata lipitirizabe kukula kwa zaka 30 kapena kuposa, chifukwa amayi a mawa anabadwa kale, ali m'kalasi pano. Zili ngati sitima ya pamtunda: ukaponda mabuleki pano imakaima kutsidya kwa mlatho. Wodzala ntchito imeneyi sakolola yekha.

Tsopano mbali inayo, imene agogo anga akanaiseka. Maiko ambiri lero akulira kuti ana akusowa. Kuti chiwerengero chisatsike pamafunika ana pafupifupi 2.1 pa mayi aliyense. South Korea, imene mu 1960 inali pa ana asanu ndi mmodzi, mu 2023 inafika pa 0.72. Tanthauzo lake n'lakuti anthu 100 a lero adzakhala ndi ana 36 ndi zidzukulu 13. Masukulu akutsekedwa, ndipo funso loti penshoni ya okalamba adzailipira ndani likukula chaka ndi chaka. Singapore mu 1972 inkauza anthu kuti awiri akwanira, mu 1987 inatembenuka n'kumati berekani atatu kapena kuposa ngati mungathe, koma mu 2023 inali pa 0.97. Iran ija inadula ndalama za kulera, ndipo mu 2021 inakhazikitsa lamulo loletsa kugawa njira zolerera mwaulere. Hungary inachotsera msonkho wa pamalipiro kwa moyo wonse amayi a ana anayi kapena kuposa. Sweden imapatsa makolo masiku 480 a tchuthi cholipidwa pa mwana aliyense, komabe ili pansi pa ana awiri. Zikuoneka kuti galimoto imeneyi mabuleki ake amagwira, koma ukaiponda moto imangolira osasuntha.

Pali wina amene anayesa kuikankha ndi chibakera. Mu 1966 mtsogoleri Nicolae Ceaușescu wa ku Romania analetsa kuchotsa mimba n'kutsekereza njira zolerera, pofuna antchito ambiri. Chaka chotsatira ana obadwa anatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Kenaka amayi anayamba kuchotsa mimba mobisa, pafupifupi 10,000 n'kufa nazo, ndipo ulamuliro wake utagwa mu 1989 dziko lapansi linaona ana oposa 100,000 ataunjikidwa m'nyumba za ana amasiye, ambiri makolo awo ali moyo koma osatha kuwadyetsa. Kwa ine Ceaușescu ndi akuluakulu a ku China aja ndi anthu amodzi. Wina ankafuna ambiri, ena ankafuna ochepa, koma onse ankaona mimba ya mkazi ngati munda wa boma.

Chodabwitsa n'chakuti achinyamata a ku Seoul ku South Korea kapena Tokyo ku Japan akafunsidwa, ambiri amati ana amawafuna. Chowaletsa ndi lendi ya kanyumba kakang'ono, maola ataliatali a kuntchito, ndalama za maphunziro owonjezera a madzulo, ndi mantha a mkazi kuti akangobereka ntchito yathera pomwepo ndipo zonse za pakhomo zidzagwera iye yekha. Agogo anabereka 9 chifukwa cha mantha, awa akubereka mmodzi kapena osabereka n'komwe chifukwa cha mantha ena. Maiko monga Canada ndi Germany amatseka mpatawo polandira anthu ochokera kunja, koma imeneyo ndi nkhani imene imagwetsa maboma pachisankho, tidzaikamba tsiku lina.

Mawu akuti "kusamala chilengedwe" amabwera kawirikawiri pa nkhaniyi, ndipo pamafunika kusamala powagwiritsa ntchito. N'zoona kuti munda umodzi ukagawidwa kwa ana asanu ndi mmodzi, iwonso n'kugawira awo, mapeto ake anthu amalima m'phiri ndi m'mbali mwa mtsinje, nkhalango n'kutha, zitsime n'kuphwa. Zimenezo boma lililonse liyenera kuziwerengera. Koma pa za kutentha kwa dziko lonse, munthu mmodzi wa ku United States amatulutsa mpweya woipa wokwana matani pafupifupi 14 pachaka, pomwe wa ku Niger amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani imodzi. Kuloza chala mayi wa ku Niamey, likulu la Niger, pa mlandu umenewu n'kumulakwira. United Nations ikuyerekeza kuti anthu padziko adzafika pachimake cha pafupifupi 10.3 biliyoni m'zaka za m'ma 2080 n'kuyamba kutsika. Kaya dziko lidzawakwanira kapena ayi zidzadalira kwambiri mmene olemera akudyera.

Chida chimodzi chimene sichitchulidwa kawirikawiri ndi penshoni. Germany inayambitsa penshoni ya boma ya okalamba mu 1889, nthawi ya mtsogoleri wake Otto von Bismarck, ndipo kulikonse kumene nkhalamba ili ndi kandalama kake kapamwezi, mwana amasiya kukhala nkhokwe ya ukalamba. Kumene kulibe, ungagawe mapilitsi mpaka kutopa, kholo lidzawerengerabe manja amene adzalinyamule.

Mayi anga mpaka pano sanagwirizane nazo za awiriwa. Chaka chatha anagwa m'bafa n'kuthyoka chiuno, ndipo tsiku lina ndikuwasintha zofunda anayambitsanso nkhaniyo.

"Awiri okha, mwanangu? Mmodzi akadzapita kunja, winayo n'kukwatiwa kutali, adzakupatsa madzi ndani?"

Ndinawauza kuti zinthu zinasintha, kuntchito amandidula ya penshoni mwezi uliwonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali, monga amachitira ndikanena zachibwana.

"Penshoniyo idzakutembenuza pabedi?"

Ndinalibe choyankha, ndinangopinda chinsalu n'kukachiviika m'beseni. Anafe asanu tinagawana miyezi yogona kwa mayi, aliyense mwezi wake, ndipo ngakhale tili asanu pamakhala kukangana pafoni kuti wakuti sanabwere, wakuti anachoka msanga. Ndikamayala mphasa yanga pafupi ndi bedi lawo ndimawerengera kuti ana anga, ikadzafika nthawi yanga, aliyense adzagona miyezi isanu ndi umodzi pachaka. Mwezi uno ndi wanga, ndipo mankhwala awo a usiku ndi a 9 koloko.